Nambala, gulu ndi chaka: zimene banja la msilikali liyenera kusunga

Mayi akafika patebulo pathu ndi jumbo ya mapepala n'kunena kuti, "Abambo akunyumba anali asilikali ku Kamuzu Barracks," choyamba chimene timafunsa ndi nambala. Ambiri amayamba kutchula ya foni. Ena amatulutsa chithunzi cha malemu ali mu yunifolomu n'kuchiika patebulo ndi manja awiri. Chithunzicho timachilandira mwaulemu ndipo chili ndi ntchito yake, koma m'mabuku a usilikali munthu sapezeka ndi nkhope, ngakhalenso ndi dzina lokha. A Banda, a Phiri ndi a Mwale alimo osawerengeka, ena ofanana mayina onse awiri, boma lochokera limodzinso. Chosafanana ndi nambala imene munthu anapatsidwa tsiku lolembedwa usilikali. Amakwezedwa nayo, amasamutsidwa nayo, amalandirira malipiro pa iyo, ndipo akapuma kapena akatisiya, fayilo yake imaitanidwa ndi nambala yomweyo. Amene anayamba ngati msilikali wamba n'kudzakhala ofisala akhoza kukhala ndi nambala ziwiri. Zonse zilembedwe.

Ndimathandiza kulemba kaundula m'kagulu ka asilikali opuma kuno ku Lilongwe. Mamembala ambiri amakhala ku Area 23, Chilinde, Kawale ndi Mchesi, pafupi ndi komwe anagwira ntchito. Zimene zili pansipa ndi zimene timabwereza pafupifupi pamsonkhano uliwonse, kwa opuma eniake, kwa amayi amasiye, ndi kwa adzukulu ofuna mbiri ya agogo awo a Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya Angerezi lotchedwa King's African Rifles.

Kamuzu Barracks ndi malo, si gulu. M'kati mwa mpanda umenewo muli likulu la Malawi Defence Force, muli bataliyoni yachiwiri ya Malawi Rifles, muli a chipatala, oimba malipenga, amakaniko, akalaliki, ndi anthu wamba olembedwa ntchito zosiyanasiyana amene si asilikali n'komwe. Chimodzimodzi Cobbe Barracks ku Zomba, kwawo kwa bataliyoni yoyamba, ndi Moyale Barracks ku Mzuzu, kwawo kwa yachitatu. Kunena kuti "anali ku Cobbe" kuli ngati kuuza wa kabaza kuti akusiyeni ku Kawale osatchula kuti Kawale wake uti. Pamafunika kutsika mpaka pa gulu lenileni limene munthuyo ankaima nalo pa perete m'mawa.

Asilikali oyenda pansi anasanjidwa motsatira dongosolo limene tinatengera kwa Angerezi. Kagulu kakang'ono kwambiri ndi sekishoni, ya anthu 8 mpaka 10, yotsogozedwa ndi kopolo, wachiwiri wake lansi kopolo. Masekishoni atatu amapanga pulatuni ya anthu pafupifupi 30. Mkulu wa pulatuni amakhala ofisala wachinyamata, Second Lieutenant kapena Lieutenant, koma amene amadziwa kuti uyu nsapato zamuthera, uyu mkazi wake ali m'chipatala, ndi sajeni wa pulatuniyo. Mapulatuni atatu pamodzi ndi ofesi yawo amapanga kampani, ya anthu 100 kapena kupitirirako pang'ono. Kampani imadziwika ndi chilembo, A, B, C, ndipo mkulu wake ndi Major, amene asilikali amangoti OC. Wachiwiri wake ndi kaputeni. Mwambo uli m'manja mwa sajeni meja wa kampani, CSM, pamene katundu, kuyambira mabulangete mpaka mapoto, amasungidwa ndi woyang'anira katundu wa kampani, CQMS.

Makampani atatu kapena anayi a mfuti, kuphatikiza kampani ya zida zikuluzikulu monga mamota oponya mabomba, ndi kampani ya likulu mmene muli madalaivala, ophika, a wayilesi ndi akalaliki, ndiwo amapanga bataliyoni. Anthu ake amakhala mazana angapo, kawirikawiri pakati pa 600 ndi 800. Mkulu wake ndi Lieutenant Colonel, wotchedwa CO. Pambali pake pali sajeni meja wa bataliyoni yonse, RSM, amene palibe msilikali wa bataliyoniyo amaiwala dzina lake ngakhale patapita zaka 30. Palinso adjutant, woyang'anira makalata ndi mafayilo a anthu, ndi quartermaster wa zakatundu. Mabataliyoni angapo akaphatikizidwa ndiye brigade. Kwa inu ofuna fayilo, munthu wofunika pa mndandanda wonsewu ndi adjutant ndi akalaliki ake, chifukwa pepala lililonse lokhudza msilikali limadutsa m'manja mwawo.

Mawu amene amasokoneza mabanja kwambiri ndi akuti sikwadironi. Wina akangomva kuti bambo ake anali mu sikwadironi amathamangira kuganiza za ndege, n'kutaya ndalama ya thiransipoti kupita kwa a ndege ku Zomba, pamene bambowo sanakwerepo ndege ya nkhondo moyo wawo wonse. Mawuwa anachokera kwa asilikali apakavalo akale a ku Ulaya. Akavalo atalowedwa m'malo ndi magalimoto achitsulo, dzinalo linatsalira, ndipo linafalikira kwa mainjiniya ndi a zamtokoma. Choncho pakati pa asilikali apamtunda, sikwadironi ndi gulu lofanana kukula ndi kampani. Mkulu wake ndi Major yemweyo, sajeni meja wake amatchedwa SSM m'malo mwa CSM, ndipo timagulu take sititchedwa mapulatuni koma ma troop. A mizinga nawo ali ndi dzina lawolawo: gulu la msinkhu womwewo amaliti battery. Kampani, sikwadironi ndi battery ndi ana a mimba imodzi, kusiyana ntchito basi.

Ntchitozo ndi zimene zimatithandiza kulondola munthu ngakhale banja litaiwala dzina la gulu. Tikafunsa mayi kuti, "Nanga bambowa akabwera kunyumba ankanunkha chiyani, ankakamba za chiyani?" yankho limatiuza zambiri. Wa sikwadironi ya magalimoto achitsulo, monga ma Ferret ndi ma Fox akale aja, ankabwera ndi girizi m'zikhadabo. Ntchito ya gulu lotere ndi kutsogola, kukaona komwe mdani ali, njira ndi milatho ngati zili bwino, n'kutumiza uthenga kumbuyo, komanso kuperekeza mdipiti wa magalimoto. M'galimoto imodzi mumakhala anthu awiri kapena atatu, woyendetsa, wamfuti ndi wolamula, ndiye amadziwana ngati apachibale. Wa mainjiniya ankakamba za milatho yachitsulo yolumikiza ndi mapini, misewu, madzi akumwa ndi kuchotsa mabomba okwirira. Wa zamtokoma ankakamba za mawayilesi, mabatire ndi milongoti. Kwa asilikali a ndege, sikwadironi ndi gulu la ndege za mtundu umodzi kapena ntchito imodzi, monga zonyamula anthu ndi katundu za Dornier kapena mahelikoputala, pamodzi ndi oziyendetsa ndi ozikonza. Apa mabanja amaiwala kuti oyendetsa ndi ochepa. Ochuluka ndi okonza injini, a magetsi, othira mafuta ndi ozimitsa moto, ndipo onsewo ndi a ndege ngakhale sanagwirepo chiwongolero. A pamadzi ku Monkey Bay, a maparachuti ndi a sukulu ya usilikali ya MAFCO ku Salima, a ku Mvera ku Dowa ndi a ku Chilumba ku Karonga, aliyense ali ndi ofesi yake ya mafayilo.

Chithunzi chija tsopano chimagwira ntchito. Timayang'ana pamkono: mzere umodzi wopindika ndi lansi kopolo, iwiri ndi kopolo, itatu ndi sajeni. Nyota za maofisala zimakhala paphewa. Timayang'ana baji ya pachipewa ndi mtundu wa chipewacho. Chikakhala chobiriwira ngati thambo, munthuyo anali pa ntchito ya United Nations pamene ankajambulidwa. Timatembenuzanso chithunzicho, chifukwa kumbuyo kumapezeka chidindo cha wojambula, tauni ndi chaka. Zithunzi za gulu lonse la kosi ndizo zabwino koposa, popeza pansi pake pamalembedwa dzina la kosi, chaka ndi mayina a onse. Pa anthu 30 a pachithunzi chotere sipalephera kupezeka mmodzi wamoyo amene angati, "Uyu ndinali naye B Company, sajeni meja wathu anali uje."

Pali kusiyana pakati pa kusamutsidwa ndi kubwerekedwa, ndipo ambiri amagwa pamenepa. Msilikali akasamutsidwa, fayilo yake imamutsata ku gulu latsopano. Akangobwerekedwa, fayilo imatsala kwawo. Magulu opita kukasungitsa mtendere kunja, amene asilikali amawatchula kuti MALBATT, amatoleredwa kuchokera m'mabataliyoni osiyanasiyana. Zinali choncho ku Côte d'Ivoire, zinalinso choncho ku Democratic Republic of Congo, komwe kuyambira 2013 asilikali athu anali mu Force Intervention Brigade limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Gulu lotere likabwerako limamwazikana, aliyense kubwerera kwawo. Kufunsa kuti "ofesi ya gulu limene linapita ku Congo ili kuti" n'kufunafuna msika umene unabalalika dzulo. Funsani gulu limene anachokera, ndipo mutchule chaka ndi mwezi umene ananyamuka ndi umene anabwerako. Mendulo ya United Nations imaperekedwa munthu akatumikira masiku 90, ndipo siilembedwa dzina, choncho satifiketi yobwera nayo ndiyo umboni. Isatayidwe. Chipukuta misozi cha wovulala kapena womwalira pa ntchito ya United Nations chimapemphedwa ndi boma, osati ndi banja mwachindunji. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi njira yachidule ya ku New York, mungomupatsa kenakake, ndi wakuba.

Kwa amene mudakali pa ntchito, nkhani yaikulu ndi Part Two Orders. Awa ndi malamulo olembedwa a gulu mmene mumatuluka chilichonse chosintha moyo wa msilikali: kukwezedwa, kusamutsidwa, kosi, chilango, ukwati, kubadwa kwa mwana. Chimene sichinatuluke mmenemo, kwa kalaliki wa malipiro sichinachitike. Vuto limene timaliona mobwerezabwereza ndi la ukwati. Mnyamata amalembedwa usilikali ali mbeta, pa fomu ya wachibale wodziwitsidwa pakagwa zovuta n'kulembapo mayi ake kapena amalume. Kenako amakwatira, chinkhoswe chimachitika, ana anayi amabadwa, koma fomu ija osaisintha. Tsiku la tsoka, mkazi amene wakhala naye zaka 20 m'nyumba ya ku layini amapezeka kuti m'fayilo mulibe dzina lake. Ena ukwati woyamba unatha kalekale koma dzina la mkazi woyambayo lidakalimo. Kukonza zimenezi munthu ali moyo ndi ntchito ya m'mawa umodzi: kupita ku ofesi ya kampani ndi mtchatho kapena kalata ya ankhoswe ndi mfumu, ndi makalata a kubadwa kwa ana, n'kupempha kuti zilowe. Kukonza iye atapita kumadya miyezi, nthawi zina zaka, ndipo kumasiya abale osalankhulana. Asilikali aakazi nawonso alembetse amuna awo ndi ana, ndipo amene anasintha dzina atakwatiwa aonetsetse kuti dzina la pa fayilo, la kubanki ndi la pa chiphaso ndi limodzi.

Tsiku lopuma likayandikira, maganizo amakhala pa malata, simenti ndi galimoto yosamutsira katundu. Mapepala amaponyedwa m'katoni limodzi ndi mabuku a ana. Koma asanatuluke pageti komaliza, wopuma akhale ndi izi m'manja: buku kapena satifiketi yotulukira ntchito, yosonyeza nambala, udindo, tsiku lolowa, tsiku lotuluka ndi chifukwa chotulukira, kalata yomudziwitsa za kupumako, fomu yosonyeza kuti wabweza katundu yense wa boma, yosainidwa ndi kudindidwa paliponse pofunika, mapepala a malipiro a miyezi itatu yomaliza, pepala lowerengetsera giratuwite ndi penshoni, masatifiketi a makosi, ndi mapepala onse a chipatala. Fomu ya katundu ija isapeputsidwe. Siginecha imodzi yosowa, kaya ya bulangete kaya ya kiyi wa nyumba, ikhoza kuimitsa fayilo yonse pa shelefu popanda wokuuzani chifukwa. Pepala lowerengetsera liwerengedwe muli pomwepo. Onani ngati zaka zautumiki zili zokwana ndiponso ngati udindo ndi womaliza weniweni. Amene anakwezedwa miyezi yochepa asanapume ndiwo amapezeka kawirikawiri atawerengeredwa pa udindo wakale.

Kasungidwe kake n'kosavuta koma ochita ndi ochepa. Ndinaonapo buku lotulukira ntchito limene linasungidwa m'thumba la shuga, pamwamba pa khoma, pansi pa malata. Kunja linkaoneka lamphumphu. Titalitsegula, chiswe chinali chitadya pakati n'kusiya m'mphepete mokha, ndipo pa nambala panatsala manambala awiri omaliza. Pepala lililonse lichitidwe fotokope katatu. Imodzi ikhale m'nyumba, ina kwa mwana kapena m'bale wokhala kwina, yachitatu m'fayilo ya bungwe la opuma. Zijambulidwenso ndi foni pamalo owala, nambala ikuoneka bwino, n'kutumizidwa pa WhatsApp kwa anthu awiri. Zenizenizo zilowe m'pulasitiki, kenako m'chitini kapena m'sutikesi yachitsulo, osati pansi pa matiresi. Musamatire mapepala enieni m'pulasitiki yotenthetsa ija, chifukwa pepala lomatidwa silidindikanso ndipo ena amalikayikira. Ku ofesi iliyonse muzisiya fotokope. Chenicheni muzionetsa, n'kubwerera nacho.

Mayina ndi masiku obadwa ndi dzenje lina. Akuluakulu ambiri analembedwa usilikali ndi dzina la kusukulu, ena la bambo awo aang'ono amene ankawalipirira fizi, ena anawonjezera kapena kuchotsa zaka kuti alowe. Chiphaso cha unzika chitabwera mu 2017, anthu analembetsa mayina a kumudzi ndi zaka zimene ankakumbukira. Lero fayilo ikuti Wilisoni, chiphaso chikuti Wilson, banki ikuti W. ndi dzina la mfunda. Nthawi ya kalembera wotsimikizira kuti olandira penshoni alipodi, kusiyana kwa chilembo chimodzi kumakwanira kuimitsa malipiro. Mankhwala ake ndi kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya, yonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, yotchula nambala ya usilikali ndi ya chiphaso, limodzi ndi kalata ya mfumu. Ichitike mwiniwake adakali ndi mphamvu zokaimirira yekha. Kalembera wotere akalengezedwa, wodwala asangosiyidwa kunyumba. Abale akanene msanga kuti apatsidwe njira, chifukwa dzina likachotsedwa pa mndandanda, kulibwezera n'kovuta kuposa kulisunga.

Za kuvulala ndinenepo mwachidule. Bondo lovulala podumpha ndi parachuti, khutu logontha ndi mizinga, msana wothyoka pa ngozi ya lole, zonsezi zimawerengedwa ngati zinalembedwa nthawi yomweyo ndi chipatala cha asilikali, ndipo gulu linachita kafukufuku wake. Anyamata amabisa ululu poopa kutsalira pa kosi kapena pa ulendo wakunja. Pofika zaka 55 bondo lakana, umboni woti linavulalira pa ntchito palibe. Musatuluke ntchito musanaonedwe ndi madokotala ndi kulandira pepala la zimene apeza.

Imfa ikagwa, dziwitsani gulu limene malemu anamalizira ntchito ndiponso bungwe la opuma tsiku lomwelo. Akamwalirira m'chipatala, tengani pepala la chipatala. Akamwalirira kunyumba, kalata ya mfumu. Mapepala amenewa ndiwo amakatulutsira satifiketi ya imfa ku National Registration Bureau kudzera kwa DC. Khadi la kubanki la malemu lisagwiritsidwenso ntchito, ngakhale nambala yachinsinsi mukuidziwa. Ndalama zolowa munthu atamwalira zimadzafunsidwa, ndipo zimadzadulidwa pa zimene ana akanalandira. Za chuma chamasiye zimadutsa kwa DC, kwa Administrator General, ofesi ya boma yoona za chuma chamasiye, kapena kukhoti, malinga ndi kukula kwake komanso ngati pali wilo. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Izi timazinena mokweza pamaliro pomwe, mwaulemu koma mosabisa, akuchimuna ndi akuchikazi onse ali pansi. Wilo si kuitana imfa. Ndi pepala lolembedwa, losainidwa ndi mwiniwake pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale mwa olandira chumacho. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Polondola fayilo, kuyenda pakamwa pokha sikuthandiza. Lembani kalata ya tsamba limodzi. Pamwamba pakhale nambala, udindo, dzina lonse, gulu lomaliza ndi chaka chotuluka, mwa dongosolo limenelo, chifukwa ndi mmene kalaliki wa usilikali anazolowerera kuwerenga. Pansi pake chimene mukupempha, chimodzi chokha, ndi nambala ya foni. Pitani ndi makope awiri, imodzi adinde n'kulemba tsiku, mubwerere nayo. Khalani ndi kope la sukulu lolembamo tsiku lililonse limene mwapita, amene mwalankhula naye ndi zimene wanena. Mukadzafuna kukadandaula kwa akuluakulu kapena kwa Ombudsman, kope limenelo ndilo lidzakuyankhulireni. Safunsa anadya phula, koma wofunsa wopanda cholemba amabwerezedwa funso lomwelo chaka chathunthu.

Adzukulu a asilikali a Keyala ali ndi ulendo wina. King's African Rifles inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a Nyasaland. Anamenya nkhondo ku Karonga mu September 1914 ndi m'nkhondo yonse ya Chiwaya, ndiyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene kuno ku Africa inatha pamene Ajeremani anagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918. Pa nkhondo yachiwiri anali ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, mu July 1940, ndipo n'komwe kunachokera dzina la balakisi ya ku Mzuzu. Anafika ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar, Ceylon ndi Burma, kenako ku Malaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1964 bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles, pamene yachiwiri, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha, inatsalira ku Northern Rhodesia n'kulowa m'gulu lankhondo la Zambia. N'chifukwa chake agogo ena a kuno mbiri yawo yomaliza ili kutsidya kwa Mchinji. Enanso amene kumudzi ankangotchedwa a Keyala sanali mu Keyala yeniyeni. Anali madalaivala, a mizinga, a chipatala kapena a zamtokoma m'magulu ena a East Africa, ndipo ena amene anali pa ntchito ku Southern Rhodesia analowa Rhodesian African Rifles.

Ngati m'nyumba muli mendulo, itengeni muipendeke padzuwa n'kuyang'ana m'mphepete mwake. Mamendulo ozungulira a nkhondo yoyamba ndi a ku Malaya anadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu m'mphepetemo, tizilembo ting'onoting'ono timene anthu amakhala nato zaka 60 osationa. Nambala zambiri za asilikali a Nyasaland a nthawi yapambuyoyi zimayamba ndi zilembo DN. A nkhondo yachiwiri ambiri anaperekedwa opanda dzina, ndiye pamenepo timadalira buku lotulukira. Musaikweche ndi mchenga kapena phulusa pofuna kuti iwale, mumafafaniza umboni. Nsalu yofewa ndi madzi a sopo zakwana. Mukapeza nambala, amene anafera kunkhondo mungawafufuze kwaulere pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda ndi mayina a ofera kunkhondo, ndipo yesani kalembedwe kosiyanasiyana ka dzinalo popeza akalaliki achizungu ankalemba mmene amvera. Ambiri analembedwa dzina limodzi lokha. Mukapanda kuwapeza, sizitanthauza kuti agogo ananama. Bungwe lomwelo linavomera mu 2021 kuti Aafirika ochuluka, makamaka amtengatenga, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ku Zomba kuli chipilala cha Keyala ndi National Archives, ndipo ulendo wa kumeneko umapindula mukapita ndi nambala, dzina la mudzi, mfumu yaikulu ndi boma.

Mabungwe a asilikali opuma ali pamisinkhu iwiri, ndipo kusadziwa zimenezi kumabweretsa madandaulo osafunika. Pali bungwe la dziko lonse, Veterans and Ex-Service League of Malawi, lodziwika kuti VELOM. Palinso Royal Commonwealth Ex-Services League ya ku Britain, imene inayamba mu 1921 ku Cape Town, ndipo thandizo lake ndi la amene anatumikira ufumu wa Britain dziko lisanalandire ufulu pa 6 July 1964, pamodzi ndi akazi awo amasiye. Amene analowa usilikali mu 1975 kapena 1990 asadabwe kuti dzina lawo mulibe m'thandizo limenelo. Sikuti wina wawadyera. Malire ake ndi tsiku limenelo. Dziwaninso kuti bungwe la opuma silipereka penshoni. Penshoni ndi ya boma. Ntchito ya bungwe ndi kulondolera, kulankhulira, kuyendera odwala, kuimirira pamaliro ndi kusunga mayina.

Timagulu ta m'madera, tokumana pansi pa mtengo kapena m'kalasi Loweruka masana, ndito timagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo timafa ndi matenda odziwika. Oyamba ndi kubweretsa maudindo a kubalakisi mumsonkhano. Ulemu kwa amene anali bwana sutha, ndipo tikakumana timapatsana moni woyenera, koma posankha msungichuma tisankhe wodziwa kulemba buku la ndalama, kaya anali kopolo. Pamene Private wakale sangathe kufunsa Major wakale kuti ndalama zapita kuti, gululo latsala pang'ono kutha. Achiwiri ndi ndalama zosungidwa m'thumba kapena pa foni ya munthu mmodzi. Patsegulidwe akaunti ya gulu ya osainira atatu, awiri mwa iwo azisaina potapa, risiti iperekedwe pa kobiri iliyonse, ndipo lipoti liwerengedwe mokweza mwezi ndi mwezi. Achitatu ndi kusakaniza thumba la maliro ndi banki m'khonde. Ndalama ya maliro ikabwerekedwa, imfa imabwera mwezi womwewo, bokosi n'kusowa. Matumbawa akhale awiri, mabuku awiri. Malamulo a gulu alembedwe ndipo anene momveka kuti thandizo la maliro limafika kwa ndani, membala, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osapitirira zaka zakuti, komanso kuti wolephera kusonkha miyezi ingati amayamba waimitsidwa. Zikapanda kulembedwa, zimakambidwa pasiwa mtembo uli m'nyumba, ndipo pamenepo palibe amene amaganiza bwino. Achinayi ndi ndale. Wandale akabweretsa nsalu ndi ma T-shirt, gulu limagawanika pawiri chisankho chisanafike. Chachisanu, chimene chimandiwawa kwambiri, ndi kufufuta dzina la banja bambo akangoikidwa m'manda. Mayi wamasiye akhalebe membala, azikhala nawo pamsonkhano ndi kuponya voti, chifukwa nthawi imene akufuna gulu koposa ndi imeneyo.

Kaundula wathu ali ndi mizati iyi: nambala, udindo womaliza, dzina la pa fayilo, dzina la pa chiphaso, gulu mpaka pa kampani kapena sikwadironi, chaka cholowa, chaka chotuluka, maulendo akunja, mudzi ndi mfumu, komwe akukhala pano, dzina la mkazi kapena mwamuna, ndi mafoni a anthu awiri. Pali mzati wina womaliza umene tinauwonjezera titavutika: anzake awiri amene anatumikira naye limodzi. Mapepala akapsa kapena akanyowa, anthu awiri amenewo ndiwo amakalumbira.

Mwezi wabwino wokonza kaundulayu ndi November, chifukwa ndi pamene anthu amatuluka. Sabata ya popi ikayamba, maluwa ofiira aja amagulitsidwa kuti ndalama zithandize asilikali akale, ndipo Lamlungu lachiwiri la mweziwo anthu amasonkhana pa chipilala cha chikumbutso ku Area 18, monganso ku Zomba ndi ku Mzuzu. Ikakwana 11 koloko kumakhala chete kwa mphindi ziwiri, lipenga limalira, nkhata za maluwa zimaikidwa. Wopuma amavala suti kapena jekete, mamendulo ake kumanzere. Mwana kapena mayi wamasiye wovala mamendulo a malemu awaike kumanja, kuti aliyense adziwe kuti akuimira wina. Yunifolomu yakale isavalidwe popanda chilolezo, ndipo isapatsidwe kwa mwana kuti azipita nayo kumunda kapena kumsika, popeza lamulo limaletsa munthu wamba kuvala zausilikali. Okalamba afike msanga, apezeredwe mpando pamthunzi, ndipo wina anyamule madzi ndi mankhwala awo, chifukwa dzuwa la November ku Lilongwe limagwetsa ndi anyamata omwe pa perete. Mlembi abwere ndi kaundula ndi zolembera ziwiri. Mwambo ukatha anthu sabalalika msanga, amaima m'timagulu kufunsana za anzawo, ndipo mu ola limenelo mumapezeka manambala, mayina a masajeni meja ndi zaka zimene takhala tikuzisowa chaka chonse.